Nkhoswe Pakati pa Adani

Munthu wokhala ku Nangongwe saona cacilendo pa mseu waukulu umene upyola m'tauni ya Kafue. Mseuwo usonkhanitsa njira ya ku Chirundu ndi ya ku Livingstone, nuoloka mtsinje, nulunjika ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45. Ndipo njanji iolokanso mtsinje womwewo pa ulalo wacitsulo umene unamangidwa m'caka ca 1906. Masiku ano mseuwo usenza malori a katundu ndi mabasi a anthu a malonda. Koma akuluakulu akumbukira zaka zimene kutsidya kwa Zambezi kunali nkhondo, ndi umo nkhondoyo inaolokera kuno. Malire a Rhodesia anatsekedwa mu Januwale 1973, ndipo pa 19 Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka. Nkhondo imeneyo inatha, ndipo njira imene inathera iri ndi phunziro loyenera kulisunga.

Nkhondo ikatopetsa mbali zonse ziwiri, atsogoleri akomana m'nyumba yaikulu nalemba maina ao pa pepala, kupangana kuti kuyambira ora lakuti mfuti zikhale cete. Nchito imeneyo itha tsiku limodzi, ndipo zithunzi zace zituluka m'manyuzi. Koma pali nchito yina yosaoneka, ya miyezi ndi zaka. Mbali iri yonse isankha anthu ace owerengeka, niwatuma kukakhala m'ofesi imodzi ndi adani, kapena kukatsegula ofesi m'mzinda wa adani, kuti mfuti ikalira usiku pakhale munthu wodziwika dzina amene angathe kufunsidwa m'mawa mwace kuti, “Kodi ndi anyamata anu aombera?” Pa anthu otere pabuka funso lolemera. Msilikali amene dzulo anaika abale ace m'manda, lero ali kudya pa gome limodzi ndi amene anawapha, nawauzanso njira imene gulu lace lidzapita mawa. Kodi munthuyo wapereka mtundu wace kwa adani, nanyoza mwazi wa akufa? Kapena iye ndiye mtumiki weniweni wa amoyo?

Mwambo wa makolo

Funsoli siliri lacilendo, pakuti makolo analiyankha kale m'mwambo wa ukwati. Pakati pa Acewa okhala ku Nangongwe, monganso kwao ku Katete kapena ku Dedza, ukwati wopanda ankhoswe suyesedwa wolongosoka. Banja la mwamuna liika nkhoswe wace, kawirikawiri mtsibweni kapena mbale wamkulu, ndipo banja la mkazi licita cimodzimodzi.

Pa mwambowu pali zinthu zitatu zofunika kuzipenyetsetsa. Coyamba, ankhoswe aikidwa pa tsiku la cimwemwe, ndeu isanabuke. Palibe munthu wanzeru amene ayamba kufuna nkhoswe mbale zitasweka kale. Caciwiri, nkhoswe sali munthu wapadera wopanda mbali. Iye ali wa banja limodzi, ndipo mphamvu yace icokera pomwepo, pakuti mau a mlendo mwamuna angathe kuwakana, koma mau a atsibweni ace sangawataye kunja. Cacitatu, nchito yace yowawa koposa ndiyo kudzudzula mwana wace, pakuti kudzudzula a tsidya lina ali yense akhoza. Mkazi akathawira kwao usiku, nkhoswe wa kucikazi alawira kwa mnzace wa kucimuna nati, “Bambo, tadzuka ndi mau, m'nyumba ya ana athu muja simuli bwino.” Winayo ayankha, “Zikomo, bambo, khalani pansi timve.” Atamva zonse, apita kwa mwana wa mlongo wace namuuza osapsatira kuti, “Mwana wanga, apa walakwa.” Palibe munthu m'mudzi amene anena kuti nkhoswe wotere wagulitsa banja lace; onse adziwa kuti waliombola ku manyazi.

Amene anatumidwa kucokera ku Lusaka

Tsono wowerenga aone umo nzeru yomweyi inagwirira nchito pa nkhondo. Mu Ogasiti 1979 atsogoleri a maiko a Commonwealth anasonkhana ku Lusaka, Dr. Kenneth Kaunda ali mwini msonkhano, napangana kuti Britain aitane mbali zonse za nkhondo ya Rhodesia. Zokambirana zinacitika ku Lancaster House mu London, ndipo pangano linalembedwa pa 21 Disembala 1979. Linati kuombana kuleke pakati pa usiku wa 28 Disembala, ndi kuti ankhondo a m'thengo, a ZIPRA a Joshua Nkomo ndi a ZANLA a Robert Mugabe, atuluke ndi zida zao kukakhala m'misasa 16 yoikika. Oyang'anira panganolo anali asilikali pafupifupi 1,500 ocokera ku Britain, Australia, New Zealand, Kenya ndi Fiji, mtsogoleri wao ndiye kazembe John Acland.

Pa pepala zinali zapafupi, koma m'thengo sizinali tero. Mnyamata amene wakhala zaka ali kubisalira ndege auzidwa kuti akakhale poyera, pa malo amene mdani awadziwa bwino. Nanga iye akhulupirire ciani? Msilikali wa ku Fiji kapena wa ku Australia samdziwa, ndipo mau a pa wailesi angakhale msampha. Cifukwa cace pa 26 Disembala akulu a ankhondo a m'thengo, ena a iwo ocokera ku Lusaka, anatera pa ndege ku Salisbury, mzinda umene lero ndiwo Harare. Ndipo anagawidwa ku malo okomanirako ndi ku misasa, kukakhala pamodzi ndi oyang'anira aja. Anthu amenewa ndiwo analowa m'thengo kukaitana anzao ndi mau odziwika. Mu Salisbury momwemo Rex Nhongo wa ZANLA ndi Dumiso Dabengwa wa ZIPRA anakhala m'bungwe limodzi ndi akazembe a Rhodesia, kumva madandaulo a mbali zonse ndi kufufuza milandu ya kuswa pangano.

Masiku oyamba anatuluka owerengeka okha, monga ozonda. Pambuyo pace anadza unyinji, kufikira anaposa 20,000. Mwazi sunaleke konse kukhetsedwa, ndipo mbali zonse zinanenezana za cinyengo. Komabe panganolo linagwira kufikira masankho a Febuluwale 1980 ndi ufulu wa Zimbabwe pa 18 Epulo. Pepala la ku London linalibe miyendo yakuti liyende nayo kufikira m'mapiri. Linayenda ndi miyendo ya anthu amene anyamata a m'thengo anawadziwa nkhope. Ndipo anthuwo anayenda pangozi, pakuti mdani akanatha kuwaombera, ndi anzao omwe akanatha kuwayesa ogulidwa. Akulu akale anati cipande ca therere cikoma n'kuyenderana, ndipo pangano la adani nalonso likhala ndi moyo pokhapo anthu ayenderana.

Maofesi a Akaren

Kuti zimenezi siziri za ku Africa kokha zioneka m'mbiri ya Akaren, mtundu wa anthu okhala m'mapiri ndi m'zigwa za kum'mwera ca kum'mawa kwa Myanmar, dziko limene kale dzina lace linali Burma, pafupi ndi malire a Thailand. Ambiri a iwo atsata cipembedzo ca Buddha, koma Akristu alinso ambiri, ciyambire ubatizo wa Ko Tha Byu ku Tavoy m'caka ca 1828. Bungwe lao, la Karen National Union, linayamba kumenyana ndi Boma mu Januwale 1949, dziko litangokhala caka cimodzi pa ufulu, ndipo nkhondoyo inapitirira zaka 63. Midzi inatenthedwa, anthu anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo zikwi zambiri zinathawira ku misasa ya ku Thailand. Pa 12 Januwale 2012, m'mzinda wa Hpa-an, mbali ziwirizi zinapangana kuleka kuombana, ndipo mwa mfundo za panganolo munali yakuti Akaren atsegule maofesi m'mizinda ya m'manja mwa Boma. Caka comweco maofesi anatsegulidwa ku Kyaukkyi, ku Myawaddy, ku Hpa-an, ndi ku Dawei, ndiye Tavoy uja.

Nchito ya maofesiwo inali yonga ya nkhoswe. Gulu la asilikali likafuna kudzera m'dera la anzao, mau anali kutsogola, kuti magulu awiri asadzidzimutsane pa njira. Mlandu ukabuka, panali pokomanirana asanabwezerane ndi mfuti. Munthu wa kumudzi amene kale analibe pokadandaula anapeza khomo logogodapo, ndipo mabungwe othandiza pa za mankhwala ndi za sukulu anali kufunsa pomwepo njira yolowera ku midzi. Kwa zaka zingapo alimi ambiri anayenda ku minda ndi ku misika opanda mantha akale aja.

Koma funso lija la kupereka mtundu linabukanso komweko. Ofesi ya ku Hpa-an inatsegulidwa ndi kazembe wamkulu wa ankhondo a Akaren, Mutu Say Poe, ndi anzace, asanalandire cilolezo ca akulu a bungwe. Ndipo mu Okutobala 2012 iye ndi anzace awiri anacotsedwa pa maudindo ao. Patangopita miyezi iwiri, msonkhano waukulu wa bungwelo unasankha munthu yemweyo kukhala mtsogoleri wa onse. Cotero m'caka cimodzi mtundu umodzi unayesa munthu mmodzi wolakwa, ndiponso woyenera mpando. Mbali zonse ziwiri zinali ndi cifukwa. Omcotsawo anaona coona cakuti nkhoswe wodzituma yekha sali nkhoswe, pakuti mau ace samanga banja limene silinamtume. Omsankhawo anaona coona cina, cakuti anthu a kumidzi anali atatopa, ndi kuti khomo likacedwa kutseguka anthu apitirira kufa.

Polekezera mphamvu ya nkhoswe

Komatu munthu asanyengedwe kuyesa kuti ofesi yokha ibala mtendere. Lusaka yemweyo ali ndi umboni wace. Pa 10 Julayi 1999, mwa khama la Pulezidenti Frederick Chiluba, maiko 6 omenyana m'dziko la Congo, ndiwo Congo mwini, Angola, Namibia, Zimbabwe, Rwanda ndi Uganda, analemba pangano la kuleka kuombana, ndipo magulu oukira Boma analemba maina ao pambuyo pace. Panaikidwa bungwe la akazembe a mbali zonse, limene poyamba linakhala ku Lusaka. Ndipo mu Ogasiti bungwe la United Nations linalola kutumiza asilikali osapitirira 90 a nchito yolumikiza mbalizo. Koma mwezi womwewo ankhondo a Rwanda ndi a Uganda, amene analowa m'Congo ali mbali imodzi, anamenyana okhaokha mu Kisangani. Ndipo mu Juni 2000 anamenyananso momwemo masiku 6, nafa anthu wamba mazanamazana. Ankhoswe analipo, koma eni ukwati sanaufune, pakuti nkhondoyo inali kulemeretsa ena ndi miyala ya mtengo wapatali ya m'dzikomo. Zinthu zinayamba kusintha Laurent Kabila ataphedwa mu Januwale 2001, ndipo magulu ambiri a maiko akunja anatuluka m'caka ca 2002.

Ku Zimbabwe nakonso kuleka kuombana sikunathetse udani wonse. Dabengwa yemwe uja anamangidwa m'caka ca 1982 nakhala m'ndende kufikira 1986, ndipo m'zaka zomwezo anthu zikwi zambiri anaphedwa ku Matabeleland.

Kwa Akaren zinafika poipa koposa. Pangano lalikulu la pa 15 Okutobala 2015 linaonjeza mabungwe oyang'anira, koma muzu wa mkangano, ndiwo ulamuliro wa Akaren pa dera lao, sunazulidwe. M'zaka za bata minda yambiri inalandidwa, ndipo asilikali a Boma analimbitsa misasa yao. M'caka ca 2018 anayamba kukonza mseu wa nkhondo m'dera la Mutraw popanda kumvana ndi eni dera, anthu a m'midzi nathawanso. Ndipo kumapeto kwa cakaco bungwe la Akaren linayamba laleka kupita ku zokambirana. Pa 1 Febuluwale 2021 asilikali analanda Boma la Myanmar, ndipo kumapeto kwa Malici ndege zinaponya mabomba pa midzi ya Akaren. Maofesi sanathe kuletsa zimenezo.

Apa pali ciyeso cacikulu ca nkhoswe, ndipo akazi ambiri a ku Nangongwe acidziwa. Pali nkhoswe amene akonda kuti ukwati uoneke wokhazikika koposa kuti ukhale wolungama. Mkazi akadza ndi zipsera, iye angoti, “Pirirani, mai, ukwati ndi kupirira,” nam'bwezera kwa womenyayo osam'dzudzula. Nkhoswe wotere asanduka capamwamba cobisa cilonda cimene ciri kunyeka m'kati. Momwemonso ofesi ya pakati pa adani, ikazolowera tiyi ndi magalimoto ndi misonkhano, niopa kukweza dandaulo la mlimi wolandidwa munda kuti ingakhumudwitse a mbali yina, yasanduka cida ca wamphamvu. Amene akayikira maofesi otere sali onse okonda nkhondo. Ena a iwo aona msanga cimene anzao adzaciona mocedwa.

Yankho lace

Nanga tsono funso lija liyankhidwe bwanji? Kukhala pa gome limodzi ndi mdani, pa kokha, sikusonyeza kuti munthu ali wokhulupirika kapena wonyenga, pakuti wogulitsa mtundu ndi nkhoswe onse awiri alowa m'nyumba ya mdani. Cosiyanitsa ciri pa malowedwe ao. Wogulitsa mtundu apita usiku, wosatumidwa, kukafuna zace za iye mwini, ndipo zimene wanena kumeneko azibisa kwa abale ace. Nkhoswe apita usana, wotumidwa, dzina lace likudziwika ku mbali zonse, ndipo pobwera afotokoza zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Cotero munthu wa m'ofesi yotere ayesedwe ndi mafunso atatu. Kodi anatumidwa ndi eni mlandu, ndipo abwerera kwa iwo kukatula mau? Kodi anena zoona ku mbali zonse ziwiri, kubvomera pamene anyamata ace ndiwo aswa pangano, ndi kukana kukhala cete pamene adani aliswa? Kodi khomo lace liri lotseguka kwa mkazi wamasiye ndi mlimi wopanda nsapato, kapena kwa akazembe okha? Amene akhoza pa mafunso atatuwa sanapereke mtundu wace. Iye wasenza katundu wolemera koposa wa mnzace wogwira mfuti, pakuti wogwira mfuti adedwa ndi mbali imodzi yokha, koma nkhoswe akayikiridwa ndi mbali zonse ziwiri.

Za mwazi wa akufa, ayenera kulemekezedwa amene aulirira, ndipo munthu asawauze mopepuka kuti aiwale. Koma akufawo anamenya nkhondo kuti ana ao alime m'dziko lao opanda mantha. Manda atsopano sawaonjezera ulemu uli wonse. Kukhala pansi ndi mdani sikufafaniza mlandu wace, pakuti mlandu suola. Kungoletsa kuti milandu yatsopano isaunjikane pa yakale pamene yakaleyo iri kudikira tsiku lace.

Wina adzati, “Ngati nkhondo inabwerera kwa Akaren, kodi nchito ya maofesi aja sinapite pacabe?” Iai. Kuyambira 2012 kufikira 2021 ndi zaka 9. M'midzi yambiri zaka zimenezo zinali zokolola mpunga osathawa, ndipo ana obadwa pamenepo anaphunzira kuwerenga asanaphunzire kubisala m'maenje. Nkhoswe amene wasunga banja zaka 9, kenaka eni ace nalipasula, sanagwire nchito yacabe. Ana analeredwa m'zaka zomwezo. Colakwa ca akulu amene anaswa pangano cisaikidwe pa mutu pa amene analilondera.

Nangongwe sali pa nkhondo, ndipo Zambia wakhala wolandira mapangano a anzace koposa kufuna ace. Koma m'makomboni muli nkhondo zazing'ono zosawerengeka: za malire a poloti, za malo a pa msika, za anyamata a zipani pa nyengo ya masankho, za abale olimbirana nyumba ya womwalira. Nkhondo zimenezi zikula cifukwa palibe munthu wodziwika amene angaoloke kukafunsa mphekesera isanasanduke miyala, ndiponso cifukwa amene ayesa kuoloka anenedwa kuti wagulidwa. Nzeru ya makolo ndi mbiri ya maiko zibvomerezana pa ici: munthu wotere asankhidwe kukali bata, auzidwe zoona ndi amene amtuma, ndipo pobwera ndi mau owawa amvedwe kufikira atatha kulankhula.